Masipika a pakhonde ali zii: mmene Zone 2 imagwirira ntchito pa risiva ya pabalaza

Alamu anga anabwera ndi risiva, bokosi logawira mawu ku masipika, kuchokera ku Johannesburg, chimakina chakuda cholemera ngati kathumba ka ufa. Kumbuyo kwake kuli timabowo tosawerengeka, ndipo pakona ina analembapo ZONE 2. Atamva kuti mawu amenewo akutanthauza kuti munthu angamvere nyimbo kumalo ena a nyumba, anagula masipika awiri, n'kukweza mnyamata m'denga kuti adutsitse waya mpaka pakhonde. Loweruka la mpira litafika, nyama ili pamakala, anayatsa zonse. Pabalaza wolengeza mpira ankang'amba kukhosi. Pakhonde, zii.

"Alamu, andigulitsa chakufa," anatero atandiimbira foni.

Nditafika ndinapempha rimoti, n'kusankha wailesi ya FM pa Zone 2. Masipika a pakhonde anayamba kuimba nthawi yomweyo. Nditabwezera pa dekoda, zii kachiwiri. Makinawo analibe vuto, mawaya analinso bwino. Chimene chinachitika pamenepo ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri amene ali ndi makina otere, kaya ndi a Denon, Marantz, Yamaha, Onkyo, Pioneer kapena Sony, ndipo mabuku amene amabwera ndi makinawa amachibisa m'timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba.

Zone 2 ndi chiyani kwenikweni

Risiva ndi bokosi limene limalandira mawu ndi zithunzi kuchokera ku dekoda, DVD, foni kapena makina a masewera, n'kutumiza chithunzi ku TV, mawu n'kuwagawira masipika. Malo amene muli TV ndi masipika akuluwo opanga makinawa amawatcha Main Zone. Zone 2 ndi malo achiwiri: khonde, khitchini, chipinda chogona.

Chofunika kumvetsa n'chakuti Zone 2 si kungotalikitsa waya wa masipika a pabalaza. Ili ndi batani lake loyatsira, voliyumu yake, ndiponso imasankha yokha chimene ikufuna kumvera. Ana akhoza kumaonera makatuni pabalaza pomwe mayi awo akumvera kwaya kukhitchini, zonse zikuchokera m'bokosi limodzi. Tinganene kuti muli makina awiri m'nyumba imodzi, koma achiwiriwo ndi mlendo wogona pamphasa: zambiri zimene mwini nyumba ali nazo iye alibe.

Musasokoneze ndi mabatani a Speaker A ndi Speaker B a pa ma ampulifaya akale, kapena chimene makina ena a Yamaha amachitcha Zone B. Zimenezo zimangotulutsa kwina mawu omwewo amene akumveka pabalaza. Kwa munthu amene akungofuna kuti mpira uzimvekanso pakhonde, zimenezo n'zokwana, ndipo n'zosavuta kuposa Zone 2.

Pakhonde pakakhala chete, nthawi zambiri vuto lili pa chimodzi mwa zinthu zitatu: masipika alibe chowapatsa mphamvu, mawu amene mwasankha ndi a mtundu umene Zone 2 siumva, kapena rimoti ikulankhula ndi pabalaza inu mukuganiza kuti ikulankhula ndi pakhonde.

Mphamvu yoyendetsa masipika ichokera kuti

Sipika siilira yokha. Imafuna ampulifaya, kachipangizo kamene kamakuza mawu ofooka kuti akhale ndi mphamvu yogwedeza sipikayo. M'kati mwa risiva muli ma ampulifaya owerengeka, imodzi pa sipika iliyonse. Risiva yolembedwa 5.1 ili ndi asanu; .1 ija ndi sabuwufa, sipika ya mabesi, imene kawirikawiri imakhala ndi ampulifaya yakeyake. Yolembedwa 7.1 kapena 7.2 ili ndi asanu ndi awiri.

Masamu ake ndi a sitandade 1. Ngati muli ndi ma ampulifaya 7 ndipo pabalaza mwaika masipika 5, atsala 2, ndipo awiriwo mukhoza kuwatumiza pakhonde. Koma sapitako okha. Makina akamachoka ku fakitale, awiri otsalawo kawirikawiri amakhala atapatsidwa ntchito yoyendetsa masipika ena a pabalaza pomwepo, a kumbuyo kapena a m'mwamba. Muyenera kulowa mu menyu n'kuwasintha ntchito. Pa Denon ndi Marantz malo ake amatchedwa Amp Assign, pa Yamaha Power Amp Assign, pa Onkyo mumapeza mawu akuti Powered Zone 2. Mukapanda kutero, waya wa pakhonde uli pamalo oyenera koma mulibe kanthu.

Apa pali kusinthana kumene wogulitsa sakuuzani. Dolby Atmos, njira yomveketsa mawu kuchokeranso m'mwamba, imene inalowa m'makina a m'nyumba mu 2014, imafuna masipika a m'denga kapena oloza kudenga. Dongosolo lotchedwa 5.1.2, masipika 5 pansi ndi 2 m'mwamba, limadya ma ampulifaya onse 7. Ndiye pa risiva ya 7 muyenera kusankha: denga kapena khonde. Makina ena ali ndi zomangirapo mawaya zowonjezera, moti mukayatsa Zone 2 amabwereka ma ampulifaya awiri aja, mukazimitsa amawabweza. Ndi nzeru yabwino, koma mudziwe kuti nthawi imene pakhonde pakuimba, pabalaza masipika awiri akhala chete.

Njira yachiwiri ndi timabowo tiwiri, kofiira ndi koyera, tolembedwa ZONE 2 PRE OUT kapena ZONE 2 LINE OUT. Timeneti timatulutsa mawu opanda mphamvu. Mukalumikiza sipika wamba pamenepo simumva kanthu, ngakhale mutakweza voliyumu mpaka kumapeto. Pamafunika ampulifaya ina pakati, kapena masipika a magetsi amene ali ndi ampulifaya m'kati. Ampulifaya yakale ya sitiriyo imene ikungodya fumbi pamwamba pa wodilopu imagwira ntchito imeneyi bwino kwambiri, ndipo pabalaza simuchotsapo chilichonse. Risiva zambiri za 5.1 zilibe Zone 2 n'komwe, ndipo zimene zili nayo nthawi zambiri ndi ya mtundu umenewu.

Mukamagwiritsa ntchito ampulifaya yakunja, yang'anani mu menyu ya Zone 2 pamene pali kusankha pakati pa Variable ndi Fixed. Variable ndiye kuti voliyumu muzisinthira pa risiva. Fixed ndiye kuti risiva izitulutsa mawu pamlingo umodzi, inu muzisinthira pa ampulifaya inayo. Musaike Fixed ngati ampulifaya yakunjayo ilibe chochepetsera voliyumu, chifukwa mawu adzatuluka ndi mphamvu yonse.

Chinenero chimene Zone 2 imamva

Apa ndi pamene alamu anga anakodwa, ndipo ndi pamene ambiri amakodwa.

Mawu amayenda m'mawaya m'njira ziwiri, analogi ndi dijito, mayina amene tinawazolowera nthawi imene wailesi za kanema zinkasamukira ku dijito. Mu analogi, magetsi a m'waya amakwera ndi kutsika motsatira mawuwo, moti ampulifaya imangowakuza basi. Ndi amene amayenda m'mawaya a mitu yofiira ndi yoyera, otchedwa RCA. Mu dijito, mawu amasandutsidwa manambala. Ndi amene amayenda mu HDMI, waya wonyamula chithunzi ndi mawu limodzi, ndiponso m'chingwe cha kuwala chotchedwa optical, chimene kampani ya Toshiba inatulutsa mu 1983. Sipika siidziwa manambala. Pamafunika kachipangizo kotchedwa DAC kamene kamatembenuza manambalawo kukhala analogi.

Taganizirani msonkhano wa chitsitsimutso umene mlaliki wake ndi mlendo wosadziwa Chichewa, womasulira ndi mmodzi, ndipo waima m'tchalitchi. Anthu amene akhala panja pansi pa mtengo atawakokera waya wochokera pa maikolofoni ya mlaliki, adzamva chinenero chimene sakuchidziwa. Risiva zambiri, makamaka zakale ndi zotsika mtengo, zili ndi womasulira mmodzi yekha, ndipo anamupatsa ntchito ya pabalaza. Zone 2 ikapatsidwa manambala osamasulira, siichita phokoso, siilemba uthenga wa vuto, imangokhala duu. Wailesi ya FM inamveka pakhonde pa alamu chifukwa imafika kale ili analogi. Dekoda inali pa HDMI.

Opanga makina sanachite zimenezi mwankhanza. DAC yachiwiri ndi zonse zoyendera limodzi nayo zimakweza mtengo, komanso mawu a mu HDMI amayenda atakulungidwa limodzi ndi chithunzi, atatsekedwa ndi loko wa HDCP woletsa kukopera mafilimu. Kuwapatula kuti apite kwina ndi ntchito ina payokha.

Makina atsopano ambiri tsopano ali ndi womasulira wachiwiri, koma ndi wa sukulu yochepa. Amangomva PCM ya matchanelo awiri, kutanthauza mawu a dijito osapanikizidwa, a kumanzere ndi kumanja basi. Mukamupatsa Dolby Digital kapena DTS, imene imatha kunyamula matchanelo 5 kapena kuposa atapanikizidwa pamodzi, nayenso amakhala chete. N'chifukwa chake zimachitika kuti tchanelo china cha pa dekoda chikumveka pakhonde, mukasintha kupita pa cha mafilimu n'kuzima. Munthu amaganiza kuti waya walekana penapake, pomwe chasintha ndi mtundu wa mawu amene tchanelocho chikutumiza.

Nyimbo za pa intaneti, za pa USB ndi za pa Bluetooth nthawi zambiri zimadutsa popanda vuto pa makina amene ali ndi zinthu zimenezi, monga a HEOS ya Denon ndi Marantz kapena MusicCast ya Yamaha. Koma kumbukirani kuti kachipangizo kogwira wailesi m'bokosimo ndi kamodzi. Simungamvere siteshoni ina ya FM pabalaza, ina pakhonde. Wina akasintha, asinthira onse.

Chovuta kwambiri ndi mawu ochokera mu TV mwenimweni, monga YouTube kapena Netflix ya pa smart TV. Amenewa amabwerera ku risiva kudzera pa ARC, njira imene inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009, kapena eARC ya HDMI 2.1 ya mu 2017. Pa makina ambiri, mawu obwera m'njira imeneyi saloledwa kupita ku Zone 2 paokha.

Njira zozembera

Yotsika mtengo kuposa zonse ndi imene tinachita kwa alamu. Ma dekoda ambiri, kuphatikizapo ambiri a DStv, ali ndi timabowo ta RCA pambali pa HDMI, ndipo amatulutsa mawu mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Tinasiya HDMI pamalo pake kuti izitumikira pabalaza, n'kutenga waya wofiira ndi woyera umene unali m'kabati, kuulumikiza kuchoka pa dekoda kupita pa timabowo ta analogi ta pa risiva tokhala ndi dzina lomwelo la pamene panalowa HDMI. Pabalaza pankamvera dijito, pakhonde analogi, gwero limodzi. Ngati timabowo ta dzina lomwelo palibe, lumikizani pena paliponse pa analogi, kaya polembedwa CD kapena AUX, ndipo pa Zone 2 muzisankha dzina limenelo.

Ngati chipangizo chanu chili ndi HDMI yokha, monga zilili ndi timabokosi tambiri ta intaneti ndi makina a masewera a masiku ano, pali kabokosi kotchedwa HDMI audio extractor. Kamakhala pakati pa chipangizocho ndi risiva, kamalola chithunzi kudutsa, n'kutulutsa mawu pa RCA. Ngati gwero ndi TV, kabokosi ka DAC kolandira optical n'kutulutsa RCA kamathandiza. Koma timabokosi totsika mtengo timeneti nato timangomva PCM. Mukatipatsa Dolby, tina timakhala chete, tina timatulutsa chiphokoso cha tsss chimene chingawononge sipika.

Choncho njira ina ndi kulowa mu menyu ya dekoda kapena TV n'kusintha mawu kuchoka pa Dolby, Bitstream kapena Auto kupita pa PCM kapena Stereo. Zimagwira, koma pali mtengo wake: pabalaza napo pazilandira matchanelo awiri okha, ndipo masipika asanu aja azingogawana zimene risiva yapeka kuchokera pa awiriwo. Pa mpira ndi nkhani, ine sindiona vuto. Pa filimu kusiyana kumamveka.

Pomaliza pali batani limene anthu ambiri salidziwa. Denon ndi Marantz amalitcha All Zone Stereo, Yamaha amalitcha Party Mode. Mukaliyatsa, womasulira wa pabalaza uja amamasulira kamodzi n'kugawira malo onse. Chilichonse chimene chikumveka pabalaza, ngakhale cha pa HDMI, chimamvekanso pakhonde. Ufulu wosankha zosiyana umatha, ndipo pabalaza pamakhala pa sitiriyo, koma tsiku la chinkhoswe kapena la mpira ndi zimene mukufuna.

Chigoli chomveka kawiri

Waya wofiira ndi woyera uja utagwira ntchito, panabuka china. Mpira utalowa muukonde, a pakhonde anamva kukuwa kwa wolengeza kaphindi pang'ono a pabalaza asanamve, ndipo woima pakhomo ankamva mawu aliwonse kawiri, ngati akulankhulira m'chitsime.

Chifukwa chake n'chakuti mawu a analogi opita ku Zone 2 amangodutsa osaima paliponse. A pabalaza amayamba amasuliridwa, kukonzedwa kuti agwirizane ndi chipinda, kenako n'kuchedwetsedwa dala kuti afanane ndi milomo ya anthu a pa TV, chifukwa TV nayo imatenga kanthawi kukonza chithunzi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mumpweya, ndiye kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi kuli ngati sipika ina mwaiika mamita 34 kutali. Khutu limazindikira msanga.

Ngati malo awiriwo ndi otalikirana, chitseko n'chotseka, palibe amene angadandaule. Ngati ali moyandikana, mankhwala ake ndi All Zone Stereo kapena Party Mode ija, chifukwa mawu onse amachokera pamphika umodzi nthawi imodzi.

Rimoti ikulankhula ndi ndani

Ili ndi vuto lochititsa manyazi, koma limagwira aliyense. Rimoti imodzi imalamulira malo onse awiri, ndipo muyenera kuiuza amene mukulankhula naye. Pa rimoti zina pali kabatani kosuntha kolembedwa MAIN ndi ZONE 2, pa zina mumadina ZONE 2 kapena Z2 kaye. Ndondomeko yake ndi iyi: sankhani Zone 2, iyatseni, sankhani gwero, kwezani voliyumu. Voliyumu ya Zone 2 nthawi zambiri imayamba ili pansi kwambiri, ndipo masipika a panja amafuna yambiri chifukwa kulibe makoma obweza mawu. Mukatha, bwezerani rimoti pa MAIN, apo ayi mawa wina adzadina mabatani TV osasintha, n'kuyamba kugula mabatire atsopano.

Rimoti wamba imagwira ndi kuwala kosaoneka kumene sikudutsa khoma, choncho kuchokera pakhonde siigwira. Ngati risiva yanu imalowa pa Wi-Fi, pulogalamu ya pa foni ya kampani imene inapanga makinawo imathetsa vutoli, bola muyatse Network Standby kapena Network Control mu menyu kuti foni izitha kuidzutsa ikagona. Muikenso malire a voliyumu ya Zone 2. Munthu amene ali pabalaza samva mmene pakhonde pakusokosera, koma aneba amamva.

Mawaya ndi chiwerengero cha masipika

Pa sipika iliyonse pamalembedwa nambala ya ma ohm, kawirikawiri 8 kapena 6, nthawi zina 4. Ndi muyeso wa mmene sipikayo imakanira magetsi: nambala ikachepa, ampulifaya imakoka katundu wolemera. Kumbuyo kwa risiva, pafupi ndi zomangirapo mawaya, amalemba ma ohm ochepetsetsa amene makinawo angapirire.

Chiyeso chimabwera Zone 2 ikayamba kugwira. Munthu amati, bwanji ndiwonjezere awiri kukhitchini, awiri kuchipinda, pa zomangira zomwezo. Masipika awiri a ma ohm 8 mukawamanga pamodzi pa malo amodzi amakhala ma ohm 4. Anayi amakhala 2. Pamenepo risiva imatentha, n'kudzizimitsa yokha pofuna kudziteteza, kambiri kagetsi kofiira kakuphethira. Ikachita mwayi imadzukanso. Ngati mukufunadi malo ambiri, pali kabokosi kogawira masipika kamene kamasunga ma ohm pamlingo wabwino; pogula muonetsetse kuti palembedwa impedance matching.

Kuzima komweko kumachitikanso kaulusi kamodzi ka waya kakatuluka n'kukhudza chomangira chinzake. Potani nsonga za waya bwinobwino musanamange. Ndipo chofiira cha pa risiva chipite pa chofiira cha pa sipika, mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi, palibe chimene chipse, koma mabesi amathawa, nyimbo n'kumamveka ngati ya m'chitini.

Utali wa waya nawo uli ndi mawu. Waya wa kopa wa 1.5 mm², pa mtunda wa mamita 15, kutanthauza mamita 30 kupita ndi kubwera, umawonjezera pafupifupi 0.35 ohm, zimene sipika ya ma ohm 8 siidandaula nazo. Mtunda ukafika mamita 25 kapena 30, tengani wa 2.5 mm². Chenjerani ndi waya wolembedwa CCA: ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba, umakana magetsi kuposa kopa weniweni, ndipo umathyoka msanga. Ukaupala ndi mpeni m'kati mumaoneka moyera. M'denga, waya wa masipika usagone limodzi ndi wa magetsi a nyumba mtunda wautali, makamaka ngati ndi wa RCA wopita ku ampulifaya yakunja, chifukwa umatola kulira kwa mmm kumene sikuchoka.

Makina obwera ndi achibale

Risiva zambiri zimene zili m'nyumba zathu zinabwera ndi wachibale wochokera kunja. Za ku South Africa ndi ku Britain zimagwira pa magetsi a 230V, ofanana ndi a kuno. Ya ku South Africa mumangosintha pulagi. Za ku America ndi za 120V, ndipo mukailowetsa pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa magetsi, nkhani ya Zone 2 yathera pomwepo. Thiransifomayo ikhale ya mawati oposa amene alembedwa kumbuyo kwa risiva, poti malo awiri akamaimba limodzi makinawo amakoka magetsi ambiri.

Kwa alamu, Lolemba m'mawa mlongo wanga anapeza risiva ili yofunda ngati mbaula, chikhalirecho anazimitsa Loweruka usiku. Batani lozimitsira la pa rimoti linali litazimitsa pabalaza pokha. Zone 2 inali ikuyakabe masiku awiri, ikudya mayunitsi, kagetsi kake kakang'ono kolembedwa Z2 kakuwala pagalasi la kutsogolo pamene palibe ankayang'ana. Tinalowa mu menyu, n'kupeza Auto Standby ya Zone 2, n'kuiyatsa kuti makinawo azidzigoneka okha pakadutsa nthawi popanda wina kudina batani.